Zikho Ziwiri za Gwedeza

Kalekale, mphwanga, njanji isanadutse m'dziko muno, kunali bwalo la milandu pansi pa mtengo wa kachere. Woweruza wamkulu anali Chiphwanya. Mlandu ukavuta, mboni zikasowa, ankaitanitsa mwabvi. Sankamwetsa anthu ayi, ankamwetsa nkhuku. Wodandaula abwere ndi nkhuku yake, woyankha mlandu abwere ndi yake. Nkhuku iliyonse chikho chake. Amene nkhuku yake yafa, wolakwa ndi yemweyo.

Wosinja mwabviwo anali Gwedeza. Ankasinjira kuseri kwa mpanda wa udzu, kawiri, chikho chilichonse khungwa lakelake. Akamasinja ankafuula kuti, "Mwabvi sudziwa munthu!" Bwalo lonse n'kuvomera, "Sudziwa munthu!"

Panalinso mayi wina, dzina lake Nangondo. Iyeyu ndiye ankatunga madzi a pabwalo. Ndiye ankanyamula zikho kuchoka kumpanda kukaziika pakati pa anthu, ndiyenso ankazitsuka mlandu ukatha. Mwambo sunkalola wina kuzigwira. Zaka ndi zaka akutunga, akunyamula, akutsuka. Pakamwa pali tsekee.

Chaka china mlandu unagwera mlongo wake, Kadzuwa. Munthu wa ng'ombe zambiri, Mkwezalamba, anati dimba limene amayi a Kadzuwa ndi Nangondo anawasiyira linali lake. Mboni panalibe. Mwabvi unabwera. Nkhuku ya Kadzuwa inamwa, inazungulira kawiri, n'kugwa. Ya Mkwezalamba inamwa, n'kupita kukapalasa.

"Ukakolola uchokemo m'dimbamo," anatero Chiphwanya.

Tsiku limenelo Nangondo sanatsuke zikho msanga. Anaziika pansi zili ndi madzi otsalira, n'kukhala pamuzu akulira. Mpheta zinabwera. Imodzi inamwa m'chikho cha Kadzuwa, inagwa pomwepo. Zinzake zinamwa m'chikho cha Mkwezalamba, zinamwa, zinamwa mpaka kuumitsa, n'kuuluka zikuimba.

Nangondo anasiya kulira. Anapaka chala m'chikho cha Mkwezalambacho n'kulawa. Mwabvi munalibe. Linali khungwa la mkuyu wamba.

Pobwerera kwawo anadzera kwa Gwedeza. Kuseri kwa nyumba kunali thole la ng'ombe, lomangidwa pachikhomo, khutu lake lodulidwa chizindikiro cha khola la Mkwezalamba.

Atauza Kadzuwa, iye anangogwira mutu.

"Chemwali, zisiyeni. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Ndiye tizimwa madzi a mumkhatemo, khoswe akutiyang'ana? Achimwene, manja angawa ndi amene anapereka chikho chija kwa nkhuku yanu. Manja anga omwewa!"

M'mawa mwake anapita kwa Chiphwanya. Anagwada, anaomba m'manja, n'kufotokoza zonse. Chiphwanya ankamvetsera akutokosa nyama m'mano.

"Wakuonetsa zimenezi ndani, mayi?"

"Mpheta, bambo."

"Mpheta! Nanga mphetazo zibwera kudzalumbira pabwalo?"

"Yakufayo ndaisunga."

"Ukaiotche udye. Iwe ukudandaula chifukwa wagonja ndi mlongo wako. Komabe bwalo silikana munthu. Wanena Gwedeza, mboni ulibe. Mlandu wopanda mboni umapita kuti?"

"Kumwabvi."

"Wadziyankha wekha."

"Nanga adzasinja ndani?"

"Wosinja alipo mmodzi."

Tamva zimenezo, mphwanga! Munthu wakanena fisi kuti akudya mbuzi, n'kumuuza kuti fisi yemweyo ndiye akawerenge ziboda!

"Ndipo nkhuku yako ikafa," anawonjezera Chiphwanya, "iwe ndi mlongo wakoyo musamuke m'dziko muno. Sitisunga onyoza bwalo."

Nangondo anadzuka osaombanso m'manja.

Tsiku linafika. Anthu anadzaza pansi pa kachere. Gwedeza anabwera ndi tambala wake wofiira, wonenepa. Nangondo anabwera ndi thadzi lake limodzi lokha, losiya anapiye kunyumba.

Gwedeza analowa kumpanda. Gu! Gu! Gu! "Mwabvi sudziwa munthu!"

"Sudziwa munthu!"

Atamaliza anaitana monga mwa masiku onse. "Wa madzi ali kuti?"

Apa ndi pamene akuluakulu a pabwalo anayang'anana. Palibe anakumbukira kuti wonyamula zikho ndi yemweyo wodandaulayo. Zaka zonsezi ankamuona ngati mtsuko chabe. Ndipo mwambo sunkalola wina.

Gwedeza anamupatsa zikhozo akulankhulira m'mano. "Ichi cha thadzi lako. Ichi cha tambala wanga. Usasokoneze."

Nangondo anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo. Anakweza zikho zonse ziwiri kuti aliyense aone.

"Inu anthu, mwabvi umadziwa munthu?"

"Sudziwa munthu!"

"Umadziwa wa ng'ombe? Umadziwa wosauka?"

"Sudziwa!"

"Chabwino. Ichi andiuza kuti n'cha thadzi langa. Ndikuchipereka kwa tambala wa a Gwedeza. Cha tambala, limwe thadzi. Paja mwabvi ndi umodzi."

Anapingasa manja, n'kuziika pansi.

"Ayi!" Gwedeza analumpha mpanda uja ngati mnyamata. "Chikho icho si chake! Mupha tambala wanga!"



Nkhalamba ina kumbuyo inafunsa, "Mwadziwa bwanji, a Gwedeza, kuti ndi icho chakupha?"

"Ine... ndi mwambo basi. Zikho sizisinthidwa."

"Mwambo wake uti?" anatero Nangondo. "Ine ndanyamula zikho izi tsitsi langa lili lakuda, lero layera. Sindinamvepo. Amwe tambalayo!"

"Amwe! Amwe!" anthu anakuwa.

Chiphwanya anayang'ana uku, anayang'ana uko. Nkhope zonse zinali moto. Anangokodola mutu.

Tambala anamwa. Anazungulira kawiri, n'kugwa. Thadzi linamwa, linapukuta mlomo pansi, n'kuyamba kufuna njira ya kwa anapiye ake.

Nangondo anatembenukira kwa woweruza. "Bambo, ngati mwabvi unena zoona, tambala wafa, a Gwedeza ndi olakwa. Ngati sunena zoona, anausandutsa wabodza ndi iwo omwewo. Sankhani nokha."

Eee, Chiphwanya anakalipa tsiku limenelo! Anamenya ndodo pansi, anatukwana Gwedeza, anamulanda munsi, anamuthamangitsa dzuwa lisanapendeke. Anafulumira kwambiri, kuopa kuti Gwedeza angatsegule pakamwa n'kunena kumene miyendo ina ya ng'ombe inkapita. Dimba linabwerera kwa Kadzuwa.

Kenaka Chiphwanya anamwetulira. "Mayi, mwatithandiza. Katsukeni zikho, mawa kuli mlandu wina."

"Nanga aja munawasamutsa kale? A Nasoko ndi ana awo? Aja anafera m'njira?"

"Zapita zimenezo."

Nangondo anatola zikho ziwirizo, anaziika pamapazi a woweruza, n'kuziponda. Phwa! Phwa!

"Mlandu suwola, bambo. Nyama ija munkatokosa m'mano, tidzaifunsanso."

Ananyamula thadzi lake n'kumapita. Kuyambira tsikulo palibe mayi anavomeranso kutunga madzi a bwalo limenelo, ndipo anthu anayamba kupita ndi milandu yawo kutsidya kwa mtsinje. Chiphwanya anakalamba ali pampando wake, akuweruza masamba a kachere.

Ndiye iwe mphwanga, ukaona chinyengo pabwalo, nena, ngakhale mboni yako ikhale mpheta yakufa. Koma usalole kuti dandaulo lako likasinjidwe mumtondo wa munthu amene ukumunenayo. Lituluke poyera, pamaso pa anthu onse.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pa zikho zosweka.