Tsiku Limene Kapaso Anaikira Dzira

Ku Katondwe, ukangopitirira pang'ono msewu wopita ku mishoni, panali kashedi ka malata atatu pansi pa mtengo wa masau. M'menemo ndi momwe a Yotam Nguluwe ankapalira matabwa. Ukalipentala ankautha, pamenepo tisawanamizire. Chitseko chokhomedwa ndi iwo sichinkalira ngakhale mvula itagwa sabata yathunthu, ndipo mipando yawo inkafika mpaka ku maofesi a ku Boma. Vuto lawo linali makutu. Munthu ukayamba kuwafotokozera kanthu, usanafike n'komwe pakati, iwo amakhala atakweza kale dzanja lodzaza utuchi n'kunena kuti, "Nidziwa kale." Akazi awo, a Estela, anali atamva mawu amenewa zaka makumi awiri ndi zitatu, moti sankakwiya nawonso.

M'chaka cha 1994 kunabwera mwamuna wina wa ku Lusaka dzina lake Jeff, amene ankayenda ndi lole kugula makala ndi nsomba zouma. Anapempha a Yotam kuti amukhomere mabokosi asanu ndi limodzi, aafupi, a matabwa okhuthala, okhala ndi timabowo m'mbali. Anati ndi onyamuliramo nkhunda. A Estela atawaona anafunsa kuti ndi nkhunda za mtundu wanji zofuna thabwa lokhuthala ngati la bokosi la maliro, koma amuna awo anangokweza dzanja lija. Anakhoma mabokosiwo bwino lomwe, ndipo pansi pa lililonse anatentha zilembo za dzina lawo ndi msomali wamoto monga ankachitira pa ntchito yawo yonse.

Patapita masabata atatu, apolisi anaimitsa lole ya Jeff pa msewu wa ku Lusaka. Pansi pa matumba a makala anapeza mabokosi aja atadzaza zinkhwe, zija zazikulu za mutu wotuwa zimene zimaswera m'mphako za milambe ya ku Mburuma. Zambiri zinali zitafa kale ndi kutentha. Jeff anamangidwa, ndipo zilembo zija zinachititsa kuti a Yotam aitanidwe ku Boma. Mlandu sunawagwere, pakuti zinaoneka kuti sankadziwa kanthu, koma manyazi anawagwira. Munthu wodziwa zonse anayenera kuima pamaso pa anthu n'kuvomera ndi pakamwa pake kuti sanadziwe. Chinawapweteka kwambiri ndi chimene anamva kwa anthu a ku Mburuma obwera kuchipatala, kuti milambe yawo yangoti zii, ndipo chomveka m'mawa ndi mbuzi zokha.

Woyang'anira za nyama zakutchire m'deralo anali Mayi Miyanda, otumizidwa kuchokera ku Lusaka. Zinkhwe zimene zinali ndi mphamvu anaziulutsa. Zinatsala zitatu zimene mapiko ake anathyoka m'mabokosi, ndipo zinali zodziwikiratu kuti sizidzaulukanso. A Yotam anavula chipewa n'kupempha kuti apatsidwe mbalamezo, azimangire khola, ziswe, ana ake abwerere ku milambe.

Mayi Miyanda anati, "Ba Nguluwe, mvelani bwino. Nizakulembelani pepala, muzisunge myaka ibili. Zikakangiwa kubala, nizazitenga ku Lusaka, na kuno sizizabwelanso. Manje bwelani nikulangizeni mu buku mwamene mungazibile yaimuna na yaikazi."

"Nidziwa kale, mayi," anatero a Yotam, dzanja lili m'mwamba. "Nkhuku nayamba kusunga mukalibe kubadwa imwe."

Mayi Miyanda anali ndi anthu ena pamzere, ndipo bukulo analitseka.

Khola limene a Yotam anamanga linali lochititsa kaso. Mizati inali ya tsanya, waya wolimba, denga la udzu kuti muzizizira, ndipo m'kati anapachikamo chigobo cha mtengo chokhala ndi mphako yosema ndi manja awo. Kenaka anakhala pa chitsa n'kuyamba kugawa maukwati. Mbalame ziwiri zinali ndi nthenga zofiira pamphumi, yachitatu inali ndi mutu wotuwa wokhawokha. Kwa munthu woweta nkhuku nkhani inali yosavuta: chofiira pamutu ndi cha tambala. Ndiye kuti atambala alipo awiri, thadzi limodzi. Wofiira wamkuluyo anamutcha Gavanala, wofiira wocheperako anamutcha Kapaso, kutanthauza mesenjala wa mfumu, ndipo wotuwa uja anamutcha Dona. Popeza atambala awiri salira m'khola limodzi, anadula kholalo pakati ndi waya kuyambira pansi mpaka kudenga. Dona anamupereka kwa Gavanala, mbali imene kunali mphako, ndipo Kapaso anamuika yekha mbali inayo, imene ankaitcha gowelo, nyumba ya anyamata osakwatira.

A Estela anaimirira kumbuyo kwawo ndi lichero la mtedza. Iwo anakulira ku Mburuma, ndipo utsikana wawo wonse anauthera pa nsanja kuingitsa mbalame m'mapira, pansi pa mlambe womwe zinkhwe zinkaswerapo chaka ndi chaka.

"Awisi Peggy," anawaitana motchula mwana wawo woyamba, "chinkhwe si nkhuku. Kwathu ine n'naona kuti yamene ingena mu mphako ni..."

"Anyina Peggy, mbalame ni mbalame. Imwe munali kuzipitikitsa chabe, ine nizisunga."

A Estela anaika lichero pansi n'kubwerera ku mtondo wawo. Anayesanso kawiri mwezi umenewo, ndipo kawiri konse dzanja linakwezedwa. Atatero anangoti m'mtima, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha.

Ukwati wa Gavanala ndi Dona unali wa mavuto kuyambira tsiku loyamba. Gavanala akasendera, Dona ankamujompha. Tsiku lonse Dona ankakhala atakakamira pa waya wa pakati paja, Kapaso atakakamira mbali inayo, milomo itagundana pa kabowo. Dona ankatafuna mtedza n'kumulavulira Kapaso m'kamwa, kenaka n'kumukanda m'khosi mpaka Kapaso kutsinzina. A Yotam zinawanyansa. Ankaima pa kholapo manja ali m'chiuno n'kumakalipa ngati nkhoswe. "Iwe Dona, ulibe nsoni? Nakupatsa mwamuna wa udindo, nyumba yabwino, iwe ufuna kapaso!" Odwala ochokera kuchipatala ankaima ndi njinga zawo kuti amvere nawo milandu ya chigololo cha mbalame, ndipo ankachoka akupukuta misozi ya kuseka.

Nyengo yoswa ya chaka choyamba, imene imabwera mvula ikangotha, inadutsa mphako ili gwa, yopanda kanthu. A Yotam anati vuto ndi kuonana, choncho anapachika chiguduli pa waya uja. Dona anaching'amba tsiku lomwelo. Anakhomapo thabwa, ndipo mbalame ziwirizo zinasiya kudya, zikungolira uku ndi uku mpaka a Estela analichotsa okha ndi nyundo amuna awo atapita kukagula misomali. Mayi Miyanda anabwera kamodzi, nthawi ya dzinja, koma anapeza a Yotam atapita kumaliro ndipo a Estela ali kumunda. Anaona kuti mbalame ndi zonenepa, khola ndi laukhondo, nasiya uthenga kwa oyandikana nawo wokumbutsa kuti kwatsala chaka chimodzi.

Uthenga umenewo unawadwalitsa a Yotam. Anthu ankaseka za Dona, koma iwo mumtima munalibe chiseko. Ankati akaona munthu wa ku Mburuma akubwera, ankalowa m'shedi n'kumapala thabwa lopalidwa kale.

Ndiye m'mawa wina wa mwezi wa Epulo, mu 1996, a Pedro, oyandikana nawo nyumba, anabwera kudzabwereka macheka. Podutsa pa khola anasuzumira m'gowelo muja, ndipo anabwerera chambuyo manja ali kumutu.

"Ba Yotam! Bwerani muone malodza! Kapaso waikira dzira!"

A Yotam anathamanga ndi thabwa m'manja. Pakona pa gowelo, pa dothi, panali dzira loyera lozungulira, ndipo Kapaso anali ataliyang'anira monyadira. Aliyense amadziwa kuti tambala akaikira dzira ndiye kuti pamudzi pagwa zoopsa. Posakhalitsa pabwalo panadzaza anthu. Ena ankati aitane abambo a ku mishoni adzawaze madzi odalitsa, ena ankanong'ona za sing'anga wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo mayi wina anali atayamba kale kufunsa ngati kuli wachibale amene akudwala.

Pakati pa chipwirikiti chonsecho kunamveka kuseka. A Estela anali atakhala pansi pafupi ndi mtondo, akuseka mpaka chitenje kumasuka.

"Anyina Peggy, museka chani pa malodza?" anafunsa a Yotam.

"Niseka ukwati wamene munamangitsa," anayankha akupuma mwabefu. "Ku zinkhwe izi, yofiira pamphumi ndiye yaikazi. Kapaso ni mkazi. Gavanala wanu nayenso ni mkazi. Mwamuna pano ni mmodzi chabe, uyo Dona, ndipo mkazi wake anamusankha kale ku Mburuma mukalibe kukhoma mabokosi. Chinkhwe sichikwatira mitala. Myaka iwiri mwatukana mwamuna wa chilungamo kuti ni hule."

Bwalo lonse linaphulika. A Pedro anagwira mzati wa khola kuti asagwe. A Yotam anaima pomwepo, dzanja lija linayamba kukwera lokha mwa chizolowezi, koma litafika pa chifuwa linaima, n'kutsika pang'onopang'ono. Anayang'ana Dona, amene ngakhale nthawi imeneyo anali pa waya kuitana mkazi wake.

"Nanga munalekeranji kuniuza?" anafunsa motsitsa mawu.

"N'nakuuzani katatu. Katatu konse munali mudziwa kale."

A Yotam analowa m'shedi, natuluka ndi pulayala ndi timatabwa tinayi, ndipo pamaso pa anthu onse anadula waya wa pakati paja n'kukonzapo kakhomo. Asanamalize n'komwe kukhoma msomali womaliza, Kapaso anali atadutsa kale pakati pa manja awo. Gavanala anasamutsidwira ku gowelo, ndipo sanaoneke wodandaula. Madzulo asanafike, Kapaso anali atalowa m'mphako, Dona atakhala pakhomo pake ngati mlonda.

Dzira la padothi lija linali lopanda kanthu, koma nyengo inali isanathe. Kapaso anaikira ena atatu, nawakhalira mwezi wathunthu, Dona akumupititsira chakudya. Masiku amenewo a Yotam anasanduka munthu wina. Ankafunsa akazi awo chilichonse: kaya mtedza ukhale wokazinga kapena wauwisi, kaya zipatso ziti zakutchire zimene mbalamezi zimakonda, kaya asuzumire m'mphako kapena ayi. Anapalasa njinga mpaka ku Boma kukapempha Mayi Miyanda kuti atsegulenso buku lija, ndipo anakhala chete mpaka tsamba lomaliza. Mayi Miyanda atamva za Kapaso anaseka mpaka kugwetsa cholembera, kenaka anawonjezera miyezi pa pepala lija kuti ana akabadwa akule.

Anaswa awiri. Tsiku limene anatulutsa mitu pa mphako, nthenga zitamera, a Yotam anaona kuti onse awiri ali ndi zofiira pamphumi. Anatsegula pakamwa kuti alengeze kuti Mulungu wawapatsa ana aakazi okhaokha, koma anadzigwira, natembenukira kwa akazi awo.

"Anyina Peggy, nanga aba ni bandani?"

"Pa ubwana onse amankhala ofiira," anatero a Estela. "Mwamuna chimachoka akakula. Lindirani."

"Nizalindira," anatero a Yotam.

Anawo ataphunzira kuuluka ndi kudzidyera, Mayi Miyanda anabwera ndi galimoto. Anapita onse ku Mburuma, a Estela atanyamula dengu lophimba ndi chitenje pamiyendo, chifukwa a Yotam anakana kwamtuwagalu kukhomanso bokosi la mbalame. Anthu a m'mudzi anasonkhana pansi pa mlambe womwe a Estela ankaingitsirapo mbalame ali mtsikana. M'mwamba munali zinkhwe zochepa mwa zija zinaulutsidwa poyamba. A Estela anavundukula dengu. Ana aja anazengereza pang'ono, kenaka zam'mwambazo zinalira, iwo anayankha, ndipo anangoti phuruu kukwera kunthambi. Amayi anaimba nthungululu. A Yotam anavula chipewa, ndipo misozi inatsika osaibisa, pakuti kwa zaka ziwiri anali asanayang'ane munthu wa ku Mburuma m'maso, ndipo tsiku limenelo amuna a m'mudzimo ankabwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza.

Inu owerenga, mmisiri uyu anakhoma zitseko za anthu a dera lonse, koma mwamuna ndi mkazi wake anawamangira khoma lopanda polowera, ndipo pang'ono n'kutaya mbalame zomwe ankafuna kupulumutsa, pamene yankho linali kusinja chimanga kuseri kwa nyumba yake yomwe. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.