Mawu Awiri a Nachanza

Kalekale, mabasi atangoyamba kufika kumidzi, kunali mayi wina woumba mbiya, dzina lake Nachanza. Mwamuna wake Gelesomu anathera unyamata wonse kumigodi ya ku Joni. Pobwerera kuchikamwini, imvi zili mbuu, anapeza mkazi wake akumwa mapiritsi a khansa ya m'magazi. Mapiritsiwo anamusunga zaka ndithu, koma kenaka anasiya kugwira ntchito. Mimba inatupa, nkhama zinayamba kuchucha magazi.

Kuchipatala cha m'tauni dokotala sanabise mawu.

"Mayi, mankhwala atsala awiri. Ena ndi a diripi, aukali. Mugona kuno miyezi, tsitsi lithothoka, mwinanso thupi silipirira. Koma mukapirira, mukhoza kuona zaka zina. Enawa ndi mapiritsi ofatsa, okamwera kunyumba. Muziyenda, muziumba mbiya zanu, koma sindikhulupirira kuti angakusungeni nthawi yaitali."

Nachanza anayang'ana mwamuna wake, nayang'ananso mlongo wake Lufeyo, mwini mbumba, amene anali ataima pakhomo la wodi.

"Adokotala, abambo awiriwa musawafunse. Magazi ndi anga. Ndikuyankhani ndekha Lolemba."

Loweruka Gelesomu ankamupesa tsitsi. Nachanza anamugwira dzanja. "Bambo ake Tereza, migodi inandibera mwamuna. Nthendayi isandiberenso. Ndikufuna kukalamba nanu, ngakhale mutu utakhala ngati chipanda." Gelesomu anaseka misozi ili m'maso, ndipo mawuwo anawasunga mumtima.

Lamulungu Lufeyo anabwera ndi nthochi, Gelesomu atapita kukachapa zovala za wodwala. Nachanza anamunong'oneza: "Achimwene, musalole kuti ndifere pabedi la eni, anthu osandidziwa akundiyang'ana. Ndikufuna ndikagwirenso dothi la kudambo kwathu." Lufeyo analumbira pa manda a mayi awo.

Lolemba linafika, koma thupi la Nachanza linali litatentha ngati ng'anjo. Maso anali otsegula, pakamwa osatuluka mawu. Dokotala anati matenda akuthamanga, sangadikire kuti atsitsimuke.

"Mupatseni a diripi," anatero Gelesomu. "Anandiuza yekha."

"Alamu, mkamwini ndi mlendo," anayankha Lufeyo. "Pamene ankayamba kudwala munali kuti? Ine ndi amene ndinkamukweza panjinga. Tikupita naye kwathu. Nanenso anandiuza yekha."

Gelesomu anaimirira. Zaka zonsezi anali asanatsutsepo mlamu wake pa nkhani ya munda, ya ana, ngakhale ya mbuzi.

"Mlendo ndine, inde. Koma mlendoyu ndi amene amamutembenuza akalephera kudzuka. Mundithamangitse pamudzi panu, nyumba mutenge, koma pabedi ili sindisuntha."

"Ndiye akafera pa diripi yanuyo, mudzamuyankha chiyani Tereza?"

"Nanga akafera kumudzi, zaka zake mutazisiya kuno, mudzamuyankha chiyani inuyo?"

Dokotala anayang'ana wodwalayo. Ankakumbukira bwino kuti mayiyo anamuletsa kufunsa awiriwa. Koma mwini magaziwo anali chigonere, ndipo tsiku linali kupita.

Palibe amene ananama. Mwamuna anamva zoona, mlongo anamvanso zoona, zonse zochokera pakamwa pamodzi. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mukanakhala dokotala uja, mukanatsata mawu ati a Nachanza, a Loweruka kapena a Lamulungu?