Mayi Amene Anadzala Chinkhupule cha M'nyanja

Panali munthu wina, mayi wa ku Ntcheu, amene anatsatira mwamuna wake ku Nacala, ku Mozambique, kunyanja yamchere. Thupi linafika, koma mtima unatsalira kwawo. Ankasowa kamphepo ka kumapiri. Ankasowa mpanda wa amayi ake, umene zinkhupule zinkayangapo mpaka kuuweramitsa. Ndiye ankangodzitsekera m'nyumba, kudikira tsiku lobwerera.

Pafupi pankakhala mkazi wa msodzi, dzina lake Mwanaisha, wodziwa Chinyanja pang'ono. Iyeyu ankabwera ndi tizinthu: lero tinsomba tiwiri, mawa kokonati woswa kale. Mayi uja ankathokoza ali kuseri kwa chitseko, n'kunena kuti zonse ali nazo. Ankaona ngati akangolandira, ndiye kuti wavomera kukhazikika.

Tsiku lina mayi uja anatola chinkhupule chouma pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, chofewa, cha timabowo tambirimbiri. Anathamangira nacho kunyumba, ati ndapeza chakwathu. Anachikutumula kufuna njere, koma sizinagwe. Anachikwirirabe m'tsinde mwa mpanda, n'kumathirira m'mawa uliwonse. Masabata atatu anatha, osamera kanthu.

Mwanaisha anamupeza akuthirira, ndipo atamva zimene zadzalidwapo, sanaseke. Anangomupempha kuti amuperekeze kunyanja. Madzi anali atabwerera m'mbuyo, monga amachitira kumeneko tsiku ndi tsiku. M'kathamanda ka pakati pa miyala anamuonetsa chinkhupule chamoyo, chitamatirira pamwala.

Anamuuza kuti chimenechi si chomera ngati cha kumpanda, ndi nyama, ngakhale chilibe mutu, mtima kapena pakamwa. Chikadali kakang'ono chimasambira kanthawi kochepa, kenako n'kugwira mwala, basi osasunthanso. Madzi amalowa pa timabowo tija, n'kusiya tizakudya tosaoneka ndi maso, n'kutulukira pa bowo lalikulu pamwamba. Anawaza tifumbi pabowopo, ndipo mayi uja anationa tikukankhidwa pang'onopang'ono.

Kenako mayi uja anafunsa motsitsa mawu, "Nanga chikafuna kubwerera kumene chinachokera?"

"Sichibwerera, achemwali," anatero Mwanaisha. "Koma madzi a kutali amachipeza pomwepo. Chimene chimachipha ndi matope akatseka timabowo."

M'mawa mwake mayi uja anatsegula chitseko, n'kuchitchinjiriza ndi mwala kuti mphepo isachitseke. Mwanaisha atafika ndi chigwada chosinja kale, anachilandira ndi manja awiri, n'kumuyalira mphasa.

Kusowa kwawo sikunathe ayi. Sitima yopita ku Malawi ikalira, ankasiyabe ntchito n'kuima, kumvetsera mpaka mawu ake atazilala. Kungoti tsopano Mwanaisha ankasiyanso kupeta, n'kuima naye.

Amayi anzanga, ena mwa inu muli pamwala umene simunausankhe. Sindikunena kuti muiwale kwanu. Inenso kwathu sindinakuiwale. Koma chifundo sichibwera kawirikawiri ngati katundu wa pangolo. Chimabwera ngati tizakudya ta m'madzi tija: moni wa pamjigo, kamchere kobwereka, munthu amene wakupezani mukuthirira chosamera koma osakusekani. Musadikire tsiku lobwerera muli chitsekere. Mawa wina akagogoda ndi kanthu kakang'ono m'manja, mutsegulireni.