Kamwanapiye Kamene Kanathawira kwa Amake

Senderani pafupi ana inu, mumve za Tiyese, kamtsikana ka sitandade wani komwe kankaphunzira pasukulu ina ya kumapiri, makolo anu asanabadwe.

Chaka chimenecho aphunzitsi ake, a Mbendera, anakonza sewero la tsiku lotsekera sukulu, ndipo Tiyese anamusankha kukhala kamwanapiye. Ntchito yake inali yochepa: mphamba akatulukira, anapiye onse athawire m'mapiko mwa mayi wawo, yemwe anali Elube, mtsikana wamkulu wa sitandade faifi. Koma chimwemwe cha Tiyese chinali chosasimbika. Kumjigo ankalira ngati mwanapiye, pakudya chimodzimodzi, mpaka anthu a pamudzi anasiya kumuitana dzina lake lenileni.

Amayi ake, Nangozo, anabadwa ndi mwendo umodzi wowonda ndipo ankayendera ndodo. Anamusokera mwana wawo timapiko ta nsalu yachikasu, koma atafunsidwa zodzaonerera anayamba kuzengereza. Ankadziwa kuti ana ena amatsanzira kayendedwe kawo, ndiye sankafuna kuti Tiyese asekedwe pa tsiku lake lalikulu. Mwanayo anawakakamira mpaka anavomera, koma anati akakhala kumbuyo kwenikweni, patsinde pa mtengo.

Tsikulo bwalo linadzaza. Tiyese analowa ndi anzake akujompha pansi, mtima uli phaphapha ndi chisangalalo. Kenaka mphamba anatulukira. Poyeserera paja anali mnyamata wamba wotambasula manja, koma tsopano anali atavala chiguduli chakuda ndi chimlomo chachikulu chopindika. Tiyese anagwidwa ndi mantha enieni. Anzake anathamangira kwa Elube, koma iye anamudutsa, nalowa pakati pa anthu, akupunthwa pamiyendo yawo, mpaka anakafika patsinde paja n'kubisa nkhope m'chitenje cha amake.

Bwalo lonse linacheuka. Nangozo, manyazi atawagwira, ananong'ona kuti, "Bwerera mwanangu, mayi ako wa m'sewero akukudikira uko."

"Uja ndi Elube," anayankha Tiyese, mawu akumveka kwa onse. "Amayi anga ndinu."

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka konyoza. Amayi ena analuluta, ena n'kumapukuta misozi. A Mbendera anaimitsa sewero, napita okha kukatenga Nangozo ndi kuwapatsa mpando wakutsogolo. Atatero anauza anthu kuti, "Mwanayu sanalakwitse. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Seweroli analiyambanso, ndipo ulendo uno Tiyese anathawira kwa Elube mosavuta, poti amake anali pafupi akumuombera m'manja.

Anthu anapita nawo mawu aja kwawo, ndipo mpaka lero timati: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Tanthauzo lake ndi lakuti kholo lako, kaya ndi lolumala, losauka kapena losaphunzira, usachite nalo manyazi. Zinthu zikathina, n'komwe umathawira.