Mkamwini Amene Anapempha Malo mu Uvuni

Panali mayi wina woumba njerwa, dzina lake Nangondo. Tsiku lina anali m'nkhuti, matope mpaka m'mawondo, akuponda. Mwamuna wake ankadzaza chikombole, kukakhuthula pabwalo, kubwerera, kudzazanso. Dzuwa linkawotcha msana. Sankalankhulana, pakuti mpweya wonse unkathera pantchito.

Nangondo ankafuna chinthu chimodzi: malata. Anali atatopa ndi denga la udzu lodontha chaka ndi chaka. Ankati njerwa zikagulidwa, udzuwo utsika.

Mwamunayo anali mkamwini. Kwawo kunali kutali, kuseri kwa mapiri. Munda umene ankalima unali wa akuchikazi. Dothi limene ankaumba linali la akuchikazi. Ngakhale mtengo wa mango umene ankapumirapo anaupeza uli wamkulu kale. Anali munthu wofatsa. Anthu ankamutchula bambo a Mwatitha, potengera mwana wawo amene anali atakwatiwa.

Anzake akaweruka ankapita kumsika kukaonera mpira pa kanema, ena kumowa. Zonsezo zimafuna kupisa m'thumba, ndipo m'thumba mwake munalibe chopisa. Tsono anapeza zake. Dzuwa likapendeka ankatola dothi lotsalira, kulichotsa timiyala, kukhala pakhonde ndi kuyamba kuumba. Zida zake zinali kamtengo kosongola ndi mpeni wothyoka.

Ankaumba anthu akwawo. Anaumba mkulu wake ali panjinga, chipewa chitapendekera. Anaumba galu wa amalume ake wa khutu limodzi. Kenako anaumba amayi ake amene anamwalira kalekale osajambulitsapo chithunzi: atakhala pansi, miyendo atatambasula, lichero pamwendo, mutu utapendekera kumanzere monga ankachitira akamamvetsera munthu. Atamaliza anawayang'ana nthawi yaitali, nati, "Ndi iwowa." Akamaumba ankaimba mluzu, ndipo nyumba yonse inkamva.

Mlamu wake, mchimwene wa Nangondo, akamadutsa ankaima n'kuseka.

"Alamu, mwabwerera ku ubwana? Tikugulireni kabudula wa sukulu?"

"Mugule wamkulu, alamu. Mimbayi yakula."

Onse awiri ankaseka. Koma Nangondo ankamva manyazi, ndipo ankatsuka mbale mozigunditsa.

Itakwana nthawi yosanja uvuni, bamboyo anabwera ndi zoumba zake m'lichero.

"ANangondo, mundisiyireko malo pakatipo. Pang'ono chabe, pokwana njerwa zinayi. Izi zikapsa sizidzaopanso mvula."

Nangondo anali pamwamba, thukuta likumulowa m'maso. Sanatembenuke.

"Inu bambo a Mwatitha, ife tikufuna malata, inu mukufuna kuotcha zidole? Nkhunizi ndasenza ndine. Dothili ndi la kwathu. Chotsani izo, mukundichedwetsa."

Bamboyo anabweza lichero lija pakhonde, nabwerera kudzaponya njerwa.

Musati mayiyu anali woipa mtima. Anali wotopa, ndipo munthu wotopa chilichonse chosadyedwa amachiona ngati chipongwe.

Uvuni unapsa bwino. Njerwa zinagulidwa, koma ndalama zimene anapeza zinathera feteleza ndi matenda a mdzukulu. Udzu sunatsike. Mvula yoyamba inabwera masana ndi mphepo, onse ali kumunda, ndipo inawomba khonde. Pobwera anapeza phala lofiira likutsikira pabwalo. Njinga, galu, amayi aja, zonse zinali m'phalamo. Bamboyo anatenga tsache nasesa. 

Ntchito ankagwirabe ngati kale. Mluzu wokha ndiwo unatha. Madzulo ankakhala pakhonde, manja pamawondo, maso kumsewu. Anayamba kupitapita kwawo, poyamba kumaliro, kenako popanda maliro, ndipo ulendo uliwonse ankachedwako kuposa wapitawo. Nangondo anayamba kudzimva kutafuna kwake akamadya. Anadziuza kuti ndi ukalamba chabe, nawonjezera ntchito.

Chilimwe chinabweranso. Anaumba, anasanja uvuni wina waukulu kuposa woyamba, naumata matope kuzungulira. Nkhuni zinali zitaunjikidwa pambali. Wogula anali atalonjeza kutumiza lole. Mitambo inali itayamba kudutsa, ndipo moto umayenera kuyatsidwa mawa lake.

Akusamba m'manja, bamboyo analankhula mofatsa monga mwa masiku onse.

"Tikaphula uvuniwu ndipita kwathu. Achimwene andipatsa malo olima."

"Mukabwera liti?"

"Zobwerazo sindinaganize."

Panalibe ndewu, panalibe mkazi wina. Nangondo anafuna kukalipa, koma maso ake anagwera pa manja a mwamunayo. Anali atatola kadothi mosadziwa. Ankakakulunga pakati pa zala, kukaphwanya, kukakulunganso, kukaphwanya. Apo ndi pamene anaona kuti m'mudzi monsemo munthuyu anali ndi chinthu chimodzi chokha chimene chinali chake, ndipo iye ndiye anachimana malo.

M'mawa mwake anatenga khasu nakwera pa uvuni. Anagumula matope amene anamata ndi manja ake omwe, nayamba kuchotsa njerwa kuyambira pamwamba kutsikira pakati. Mchimwene wake anathamangira pomwepo.

"Achemwali, mwazungulira mutu? Mitamboyi simukuiona?"

"Ndikuiona. Landirani njerwa, musangoima ngati chitsa."

Atatsegula malo okwana mtondo, anatsika, nayenda mpaka kudambo kumene amayi oumba miphika amatapa dongo. Anasenza lodzaza dengu, nalitula pamapazi pa mwamuna wake.

"Umbani."

Bamboyo anayang'ana dongolo, nayang'ana uvuni wogumulidwa.

"ANangondo, laliwisi likalowa pamoto limaphulika. Liyenera kuuma pamthunzi, pang'onopang'ono."

"Ndikudziwa. Tidikira."

Mawu amenewo anatuluka mwa mayi amene sanadikirepo phala kuti lizizire.

Anadikiradi. Bamboyo ankaumba pakhonde, Nangondo atakhala pambali pake. Poyamba miyendo inkamuyabwa. Ankadzuka kukayang'ana mitambo, kubwerera, kudzukanso. Tsiku lina, posowa chochita ndi manja, anatsinako dongo naumba nkhuku. Mwamunayo anaitembenuza uku ndi uku.

"Imeneyi ndi nkhuku kapena mbatata?"

"Ndi nkhuku yokhuta mbatata. Bweretsani ngati simukuifuna."

Bamboyo anaseka mpaka misozi. Nkhukuyo sanabweze. Anaiika pamzere pamodzi ndi abale ake amene anali atawaumbanso.

Mvula inagwa zoumba zisanaume. Anafunditsa uvuni mapepala apulasitiki ndi udzu, koma madzi analowera pogumula paja, ndipo mbali imodzi inanyowa n'kutitimira. Wogula anatumiza lole yake kwa ena. Mchimwene uja anangopukusa mutu. Kutacha bwino anasanjanso zotsala, naika zoumbazo pakati, namata, nayatsa moto.

Ataphula, zinatuluka zofiira, zolira ngati belu ukazigogoda ndi chala. Nkhuku ija inali itathyoka mchira. Bamboyo anakulunga njinga yatsopanoyo pansalu, napita nayo kwawo kukapatsa mkulu wake. Sabata isanathe anabwerera, atanyamula nthochi ndi mbewu ya nandolo yoti adzale m'munda wa akuchikazi.

Tsono inu amene mukumva, musanditayitse nthawi ndi mawu akuti chisangalalo tidzachiona tikadzapeza bwino. Kupeza bwino kumachedwa, ndipo ena amaikidwa m'manda akukudikirabe. Zotsitsimutsa mtima wa munthu wosauka zili pafupi ndipo sizifuna kupisa m'thumba. Wina amakumba bawo pansi pa mtengo. Wina amadzala maluwa m'chitini chobooka, wina amaluka ndi ulusi womasula ku juzi yakale. Pezani chanu, ngakhale akusekeni. Ndipo wa m'nyumba mwanu akapeza chake, musamufunse kuti chidyedwa liti. Akapempha malo, mupatseni tsiku lomwelo, zisanavute.

Pakuti malo operekedwa mochedwa amadula. Nangondo anagonanso chaka china pansi pa udzu, beseni lili pafupi ndi mphasa likulandira madontho, ndipo sanadandaule. Koma bamboyo anaumba amayi ake mobwerezabwereza, dzinja lonse ndi chilimwe chotsatira. Miyendo inkabwera, lichero linkabwera, kupendekera kwa mutu kunkabwera. Nkhope yokha sinabwerenso. Ankaiyang'ana, n'kuifafaniza ndi chala chachikulu, nati, "Ayi, si iwowa." Nangondo ankamva mawuwo ali pambali pake, n'kumusunthira dengu la dongo pafupi.