Mtsamira ndi Dziwe Limene Lidasamuka

Akuluakulu a ku Tsatamame, amene adatisimbira mbiri iyi monga momwe iwonso adaimvera kwa atsibweni awo, amati makolo awo sadabadwire kumene ali leroko. Kale kwambiri, mfuti isanamveke m'dziko muno, mtundu wawo udachokera kumpoto, kutsidya kwa mitsinje ikuluikulu, pothawa chilala chimene chidatha zaka zitatu. Wotsogolera ulendowo adali mayi wa fuko la Mbewe, dzina lake Nsalika, amene adasenza mbewu za mapira ndi mawere m'chipanda, osalola kuti munthu azidye ngakhale pamene njala idafika povuta. Adayenda miyezi isanu, ndipo ambiri adatsala m'njira, mpaka otsalawo adafika patsinde pa phiri limene adalitcha Nsanjiko, chifukwa miyala yake idaoneka ngati munthu adachita kuisanjikiza.

Phirilo lidali lokutidwa ndi nkhalango ya miwanga, mibawa ndi misuku, yothithikana kotero kuti munthu ankayenda kuyambira m'mawa mpaka masana dzuwa osamuwomba pamutu. Patsinde pake padali dziwe lotchedwa Kazizira, limene silinkaphwa ngakhale m'chilimwe chowawa. M'mphako za mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa dziwelo munkakhala anang'omba, mbalame zazikulu zakuda za mmero wofiira zija, zimene zimakonda kuyenda pansi. M'bandakucha uliwonse zinkalira ndi mawu akuya ngati ng'oma yomvekera kutali, ndipo zikachulukitsa kulirako anthu ankadziwa kuti mvula yayandikira.

Nsalika adabereka mwana wamkazi Mwaiwala ndi mwana wamwamuna Chiputula, amene adali wosula zitsulo. Mwaiwala adabereka ana awiri okha amene adakula: Mtsamira ndi mlongo wake Ndaziona. Mtsamira adakulira pa mvukuto wopemerera moto wa atsibweni ake, ndipo asanamere ndevu ankadziwa kale kusankha miyala ya chitsulo, kuumba ng'anjo, ndi kuzindikira poona mtundu wa lawi kuti chitsulo chapsa. Chiputula ankayatsa ng'anjo kamodzi pachaka, anthu atakolola, ndipo makala ake ankaotcha ndi mitengo yogwa yokha. Makasu ankakhala ochepa, moti mabanja ena ankabwerekana khasu limodzi, wina m'mawa, wina madzulo.

Chiputula atamwalira, ntchito idatsala m'manja mwa Mtsamira. Patapita zaka ziwiri, kudatulukira anthu ochokera kum'mawa kumene dzombe lidatha minda. Adafika ali mafupa okhaokha, ana awo mimba zitatupa, m'manja atanyamula timitengo tosongoka tokumbira pansi. Mtsamira adawaona akuyesa kuswa mphanje ndi timitengoto, mayi wina akugwa pamzere mwana ali kumbuyo, ndipo mtima wake sudapirire. Chaka chomwecho adaumba ng'anjo zinayi, naphunzitsa amuna khumi, nawatuma kuti agwetse miwanga yaiwisi, popeza makala a muwanga ndiwo amayaka mwaukali kuposa ena onse. Mvula isanagwe, banja lililonse la alendowo lidali ndi khasu lakelake ndi nkhwangwa, ndipo chaka chimenecho palibe mwana adafa ndi njala.

Mbiri ya makasu a Mtsamira idawanda, ndipo anthu adapitirira kubwera. M'zaka makumi awiri mudzi umodzi udasanduka midzi isanu ndi iwiri. Khasu lililonse linkafuna munda wake, ndipo nkhwangwa iliyonse inkatsegula mphanje yatsopano, pamene ng'anjo zinkadya mitengo chilimwe chonse. Nkhalango idayamba kubwerera m'mbuyo, poyamba mpaka pakati pa phiri, kenako mpaka pamsonga. Mvula ikagwa, madzi ankatsika phirilo ali ofiira, akukokolola nthaka, ndipo pakatha masiku awiri pansi pankakhala pouma gwa. Koma nkhokwe zidali zodzaza, ndipo amayi ankatchula dzina la Mtsamira m'nyimbo za pamtondo.

Ndaziona ndiye adayamba kulankhula. Tsiku lina adapeza mlongo wake akusamba m'manja padziwe, namuonetsa mwala wafulati umene udali patali ndi madzi.

"Achimwene, ndili namwali ndinkatunga nditaima pamwala uwu. Lero ndimatsika mpaka apo, ndipo ndimachita kugwada."

"Madzi amatsika ndi dzuwa, Nambewe, adzakweranso ndi mvula," adayankha Mtsamira. "Kodi ana aja ndikadawasiya kuti afe?"

"Sindikunena za ana. Ndikuti tayang'anani phiri la agogo athu. Latsala ngati mutu wometa pamaliro."

Mtsamira adayang'ana, koma adabwerera ku ng'anjo, chifukwa mabanja makumi atatu adali akudikira makasu.

Pa nthawiyo m'mbali mwa dziwe mudatsala muwanga umodzi wokha waukulu, umene amuna anayi sakadaukumbatira, ndipo m'mphako mwake ndimo munkakhala banja lotsiriza la anang'omba. Mitengo ina yoyenera makala idali patali ulendo wa tsiku lathunthu. Ng'anjo idali itauma, miyala ya chitsulo itasinjidwa kale, ndipo kum'mawa mitambo idali itayamba kusonkhana. Mtsamira adaima pansi pa mtengowo nthawi yaitali, mbalame zitapita kukafuna chakudya, nadziuza mumtima kuti mtengo umodzi sungasinthe dziko. Nkhwangwa yoyamba adaponya ndi iye mwini. Mtengo utagwa, m'mphako muja adapezamo dzira limodzi litasweka.

Anang'omba adabwera dzuwa litapendeka. Masiku atatu adazungulira chitsacho osalira, osadya, anthu akuwaonerera chapatali. Tsiku lachinayi m'mawa adandondozana, nayamba kuyenda pansi kulowera kumadzulo, osacheuka. Dzuwa litakwera pang'ono, amayi amene adali padziwe adaona madzi akufuka ngati aikidwa pamoto, chonsecho adali ozizira. Nkhungu yoyera idadzuka pamwamba pa madziwo, yosapitirira msinkhu wa munthu, niyamba kukwawa pansi kutsata kumene mbalame zidalowera. Pofika masana Kazizira adali thope lokhalokha, ndipo m'thopemo mudalibe nsomba ngakhale imodzi, kapena chule, kapena nkhanu. Zonse zidapita ndi madzi.

Chaka chimenecho mvula idagwa kawiri kokha. Anthu adakumba zitsime, napereka nsembe kwa mizimu ya makolo, koma madzi sadatuluke. Pabwalo padabuka mkangano umene udatha masiku ambiri. Ena ankati nkhwangwa ndizo zathamangitsa dziwe. Ena ankakana, nati chilala chimabwera chokha, pakuti kumpoto kumene Nsalika adachokera kudalibe ng'anjo zinayi. Palibe adaloza Mtsamira chala, popeza aliyense adali atadya za khasu lake, koma iye ankakhala kumapeto kwa bwalo mutu uli pansi.

Ndaziona ndiye adazindikira kuti kumene nkhungu idadutsa kudatsala mkwasa wa udzu wobiriwira, wopingasa ngati mphasa, umene unkakhala ndi mame ngakhale masana, pamene tchire lonse lidali louma. Adauza anthu kuti autsate. Adamanga akatundu, nasenza okalamba, nayenda masiku anayi, akunyambita mamewo ludzu likawagwira. Tsiku lachisanu adatulukira m'chigwa cha nkhalango yosakhudzidwa, ndipo pakati pake padali dziwe limene alenje odziwa chigwacho adalumbira kuti kale padalibe. Ndaziona adatunga ndi manja, nalawa, nakhala pansi n'kuyamba kulira, chifukwa adali madzi omwe aja a Kazizira. Malowo adawatcha Tsatamame.

Anthu adamanga midzi, ndipo adapempha Mtsamira kuti aumbe ng'anjo. Iye adaumba imodzi yokha, nabwezeretsa lamulo la atsibweni ake lakuti iziyaka kamodzi pachaka ndi mitengo yogwa yokha. Ena adang'ung'udza pobwerekananso makasu, koma adamvera. Anang'omba adali komweko, ndipo m'bandakucha uliwonse mudzi wonse unkadzuka ndi kulira kwawo. Mtsamira yekha ndiye sankawamva. Makutu ake adali abwinobwino, ankamva tambala, ankamva mwana akalira kutsidya kwa chigwa, koma mawu a anang'omba sadalowenso m'makutu mwake. Ankadzuka kusanache, n'kukakhala pafupi ndi dziwe, n'kumaona mimero yofiira ija ikutukumuka ndi kuphwa, koma kwa iye kudali zii.

Adapirira zaka zisanu ndi chimodzi. Chakudya sichinkamukomera, ndipo nthawi zambiri ankapezeka ataima kumapeto kwa munda, nkhope italoza kum'mawa. Ankakumbukira fungo la masamba onyowa a pa Nsanjiko, masuku amene ankatola ndi mayi ake, ndi mthunzi umene unkagwera pamadzi masana. Mkazi wake atamwalira, adasiyira ng'anjo mwana wa Ndaziona, natola nthanga za mbawa, muwanga ndi masuku zodzaza thumba lachikopa, nauza mlongo wake kuti akubwerera.

"Mukamwa chiyani kumeneko, achimwene?"

"Kuseri kwa phiri kuli kamtsinje kamene kamasunga madzi pansi pa mchenga. Ndizikafukula."

"Mwakalamba. Mitengo imeneyo simudzakhala pamthunzi pake."

"Ndikudziwa. Koma manda a amayi ali pamtetete, ndipo ndine ndidawavula."

Adakhala pa Nsanjiko yekha zaka khumi ndi chimodzi. Adamanga kanyumba pafupi ndi thope louma lija, nalima kamunda kongokwanira pakamwa pake. M'mawa uliwonse ankapita kuseri kwa phiri ndi zipanda ziwiri, n'kubwera kudzathirira timitengo take kamodzikamodzi. Chaka choyamba chiswe chidadya pafupifupi tonse. Chaka chachitatu moto wolusa udapsereza theka la totsala, ndipo iye adayenda masiku awiri kukatola nthanga zina, nadzalanso. Pang'ono ndi pang'ono mibawa idafika m'chiuno, kenako idamupitirira, ndipo timba ndi njiwa zidayamba kuteramo. Koma dziwe silidabwerere.

Chaka chilichonse anthu akakolola, Ndaziona ankayenda ulendo wa masiku anayi uja kudzamuona, atasenza ufa ndi chipanda cha madzi a ku Tsatamame. Mtsamira ankamwako pang'ono, otsalawo n'kuwathira pakati pa dziwe louma, kuti nthakayo isaiwale mwini wake. Ulendo wotsiriza Ndaziona adampeza atagona pamphasa pansi pa mibawa yake, miyendo itatupa, mawu akutuluka movutikira. Adamudzutsa, namutsamiritsa pachifuwa pake, namumwetsa.

"Nambewe, undiuze zoona," adatero Mtsamira. "Kodi ndine ndidathamangitsa madzi, kapena akadachokabe okha monga adachokera kwa agogo kumpoto?"

Ndaziona adaika chipanda pansi, nayankha.

"Sindidziwa, achimwene. Chimene ndidaona ndi maso anga n'chakuti ana aja adakula, ndipo lero ali ndi zidzukulu. Ndidaonanso phiri likuvulidwa, dziwe n'kuchoka. Zonse ziwiri zidatuluka m'manja mwanu, ndipo sinditha kuzilekanitsa."

Mtsamira adagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankaziyembekezera. Kenako adafunsa ngati anang'omba akulirabe kuchigwa, ndipo atamva kuti akulirabe, adati wayesetsa kukumbukira mawu awo koma amuthawa. Pamenepo Ndaziona, mayi wa imvi amene adali ndi zidzukulutudzi, adatseka pakamwa, nakoka mpweya, nayamba kulira m'mmero monga amalirira anang'omba, mawu aamuna akuya ndi aakazi oyankha. Adabwereza kambirimbiri mpaka mmero udauma. Mtsamira adatsinzina, misozi ikutsikira m'makutu, nati chapansipansi, "Ndi momwemo." Adamwalira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo amuna amene adaperekeza Ndaziona adamuika pafupi ndi mayi ake.

Mibadwo yambiri yapita, ndipo akuluakulu amene adatisimbira izi akuti chigwa cha Tsatamame nachonso chayamba kuyera, moti amayi amayenda mtunda wautali kuti apeze nkhuni. Achinyamata akafunsa ngati dziwe lawo lingadzasamukenso, okalambawo amaloza kum'mawa, ku Nsanjiko.

Pa Nsanjiko, pakati pa minda ya chimanga yopanda mtengo ndi umodzi womwe, pali kankhalango ka mibawa ndi miwanga italiitali kamene kamaonekera patali, ndipo anthu amakatcha Msitu wa Mtsamira. Wolowamo amasiya nkhwangwa kunja. Chaka ndi chaka, akatha kukolola, amayi a fuko la Ndaziona amabwera ndi chipanda cha madzi n'kudzathira pakati pa msituwo, pamalo otsika pamene padali Kazizira, pamene mpaka lero palibe dziwe. Koma amati ukafukula pamenepo ndi dzanja, ngakhale mwezi wa Okutobala, nthaka imatuluka yonyowa, ndipo asanabwerere kwawo amayiwo amayamba agwada n'kuifukula, kuti aone ngati chinyezi chakwerako kuposa chaka chatha.