Tambula ya a Matalala

Kuseri kwa khitchini ya hotela kunali kachipinda kopanda zenera, momwe makina opanga ayezi ankalira tsiku lonse ngati ng'ombe yodwala chifuwa. M'menemo ndi momwe a Matalala ankagwira ntchito. Dzina lawo lenileni linatsala pa pepala la mu ofesi. Atatunga madzi oundana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, anthu anangowatcha Matalala, iwo n'kumavomera. Inali itatsala miyezi isanu kuti apume pa ntchito mwaulemu, kalata yabwino ili m'manja. China chodikira pa dziko lino analibe.

Ntchito yodzaza tindowa ta ayezi anthu amaiyesa yachibwana chifukwa amaiona itatha. Kandowa kalikonse kamayamba katsukidwa ndi madzi otentha, n'kupukutidwa mpaka nkhope kuonekamo. Sudzaza mpaka pakamwa, umasiya mpata wa zala ziwiri kuti chivundikiro chikhale bwino. Pansi umayala kansalu kopinda kuti thukuta la ndowa lisanyowetse tebulo la mlendo, pambali n'kuika chopanira. Koma lamulo lalikulu, lolembedwa pakhoma ndi zilembo zofiira, linali lakuti ayezi amatungidwa ndi chipande chachitsulo basi. Dzanja ayi, tambula ayi. Tambula ikabenthukira m'bokosi, kachidutswa kake sungakasiyanitse ndi ayezi ngakhale utayatsa nyali khumi. Zikatero umathira juwisi wofiira pamwamba kuti wina asatungemo, kenako umataya zonse, kutsuka bokosi, n'kudikira makina maola anayi.

A Matalala lamulolo ankalidziwa kuposa amene analilemba. Koma zala zawo zinali zitapindika ndi nyamakazi, ndipo chogwirira cha chipande chija chinkawaluma mpaka m'mafupa. Magolovesi anapempha zaka zitatu. Abwana ankangoti, "Tiona, madala." Mawu akuti tiona ndiwo manda a zopempha za munthu wosauka. Choncho anabisa tambula yochindikala kuseri kwa makina, n'kumatungira imeneyo pakakhala popanda maso.

Odziwa za tambulayo anali awiri. Woyamba anali Manoyera wa pabala, munthu woseka ndi aliyense, amene ankawatchula a Matalala kuti bambo wa hotela yonse. Wachiwiri anali mlamu wawo, mng'ono wake wa malemu akazi awo, yemwe ankatsuka mbale m'khitchini. Mayi ameneyu a Matalala sankamufuna n'komwe. Maliro atatha anatenga makina osokera a mkulu wake, akuti malemuwo anamusiyira. Chiyambire tsiku limenelo, moni wake a Matalala ankamutembenuza kawiri ngati nsalu yapamsika, kufuna pomwe pabisika chibowo.

Tsiku lina dzuwa linakwiya. Zipinda zonse zinali zodzaza ndi alendo a msonkhano, ndipo lamya ya m'kachipindamo sinkapuma. Pofika masana a Matalala anali atadzaza tindowa makumi atatu, tonse tovundikira, titandandalikidwa pa ngolo. Miyendo inali italema ngati yobwereka. Iwo akupukuta nkhope, mlamu wawo analowa ndi thireyi ya zopanira zotsuka, n'kuima chilili akuyang'ana kuseri kwa makina.

"Amuna anga obwereka," anatero, poti ankawatchulabe choncho ngakhale iwo analeka kalekale kuseka, "tambula yanuyi yaguluka dzino."

A Matalala anaitenga. M'mphepete mwake munali mutachoka kachidutswa konga chikhadabo cha khanda.

"Inabenthuka kalekale imeneyi."

"Dzulo ndinaitsuka ndine, alamu. Inali yamphumphu."

Mayiyo anatuluka, n'kubwerako ndi botolo la juwisi wofiira. A Matalala anaima kutsogolo kwa bokosi, manja atatambasula ngati nkhuku yoteteza anapiye.

"Ndakuonani. Ndithire chofiira, abwana afunse chifukwa chake, tambula ioneke, ine ndituluke pachipata. Kenako amuna anu ongokhala pakhondewo alowe m'malo mwanga. Makina osokera aja sanakukwaneni?"

"Inu alamu, mutu wanu ukuyenda bwino? Tinena kuti ndagwetseramo tambula ndine podutsa ndi thireyi. Andikalipira, mawa aiwala. Tayani ayeziyu, ndi wa m'tindowamu yemwe."

Apa ndi pomwe a Matalala anatsimikiza kuti pali msampha. Moyo unawaphunzitsa kuti wokupatsa khosi lake ulele, mpeni waubisa kumbuyo.

"Bwererani ku mbale zanu, mayi. Ayezi si ndiwo."

Komabe mtima sunakhale pansi, ndiye anapita kwa Manoyera kukamunong'oneza.

"Aaa, bambo wa hotela, zimenezo mpaka kuonda nazo?" anatero Manoyera akupukuta botolo, mano onse panja. "Kachidutswako kanagwera pansi, kanapita ndi tsache. Maola anayi opanda ayezi kutentha kuno, abwana akudyani wamoyo. Kankhani ngolo, madala, anthu akupsa kumwambako."

Mawu okoma salowa pogogoda. A Matalala anafufuza pamwamba pa bokosi ndi chipande kawiri katatu, osapeza kanthu, n'kukankha ngolo kulowa nayo m'chikepe.

Kandowa kamodzi kanalowa m'chipinda cha mayi wina amene anabwera ku msonkhanowo ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ana amakonda kutafuna ayezi ngati maswiti. Ola lisanathe, kulira kunamveka mpaka pa masitepe. A Matalala anaona mayiyo akuthamanga atanyamula mwana, thawulo loyera la hotela lili pakamwa pake, likufiira. Kuchipatala anamusoka lilime. Mwayi wake kachidutswako anakalavula, sanakameze.

Abwana anaitanitsa antchito onse m'kachipinda ka makina. Woyamba kutsegula pakamwa, asanafunsidwe n'komwe, anali Manoyera.

"Ine bwana ndakhala ndikuwauza madalawa za tambula yawo. Yang'anani kuseri kwa makinako."

Mano anali omwe aja, kuyera kwake komwe kuja.

Abwana anatembenukira kwa mlamu uja. "Nanga inu mayi, mukudziwapo chiyani?"

"Ine ndimatsuka mbale, bwana," anayankha maso ali pansi.

Za magolovesi palibe anazitchula. A Matalala anayesa kukweza zala zawo zopindikazo kuti zioneke, koma abwana anali akuyang'ana wotchi. Anawalamula kuti athire okha juwisi wofiira uja, ataye ayezi yense, atsuke bokosi, akatero asiye yunifolomu pa msomali. Botolo linali pomwe mlamu analisiya masana. Ntchito yomwe anaikana ija anaigwira yonse, atawerama m'bokosi, madzi ofiira akuyenderera m'mikono. Miyezi isanu ija inatsika mu ngalande limodzi ndi ayezi, ndipo kalata yabwino sinalembedwe. Sabata yotsatira ntchitoyo anaipereka kwa msuweni wa abwana. Tsiku lomwe anayamba, anapeza magolovesi atsopano ali pashelefu.

Koma tibwerere ku tsiku lija. A Matalala atatuluka pachipata cha antchito, dzuwa likadali lolasa, anamva mapazi kumbuyo. Anali mlamu wawo, atanyamula kapu yawo ya tiyi ndi nsapato zakale zomwe anaziiwala pansi pa benchi. Ena onse anatsala mkati, aliyense ali ndi ntchito yomwe yamugwira mwadzidzidzi.

"Mwabwera kudzandiseka?"

"Ndikusekeni ndi mphamvu ziti? Gwirani nsapatozi, ndasiya mbale m'madzi."

Anazilandira.

"Bwanji simunandinene? Ndinakunyozani."

"Achemwali anandisiyira zinthu ziwiri," anatero mlamuyo akupukuta manja pa epuloni, "makina osokera ndi inu. Makina aja savuta. Lamulungu mubwere kunyumba mudzadye. Amuna anga ongokhala pakhonde aja apeza mnzawo wocheza naye."

Anabwerera mkati, chipata n'kutsekeka. A Matalala anaima pamsewu nthawi yaitali, nsapato zili kukhwapa, zala zikuwawa ndi kuzizira kwa bokosi lomwe sadzaligwiranso. Zaka zonsezo ankalondera khomo lolakwika. Wowasisita pamsana anawagulitsa asanafunsidwe mtengo, ndipo amene mawu ake ankawawa ndiye anawanyamulira nsapato. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.